Mwana wanga wa lupus magazi anaundana m'mwendo: kodi warfarin adzamwa mpaka liti?

Adokotala, ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 13, ali Sitandade 8. Chaka chatha anamupeza ndi matenda a lupus atavutika miyezi yambiri ndi kutentha thupi, kuphwanya kwa mfundo, kuthothoka tsitsi ndi zidzolo kumaso. Akumwa prednisolone ndi hydroxychloroquine. Miyezi iwiri yapitayo mwendo wake wakumanzere unatupa kuyambira pakatumba mpaka m'ntchafu, ndipo atamuunika pa sikani anati magazi aundana mumtsempha. Anamugoneka, anamubaya majakisoni apamimba, kenako anamuyambitsa warfarin. Pano mwendo waphwa, akuyenda bwinobwino. Koma pakhomo pano mtendere palibe. Apongozi akuti mwana anaponda mankhwala, akufuna apite naye kumudzi akamuteme mphini. Mlamu wanga akuti warfarin ndi mankhwala a makoswe. Mphwanga wawerenga pepala la kulabu pomwe alemba kuti lupus anticoagulant, akuti mawuwo akutanthauza kuti magazi ake ndi osungunuka kale, ndiye bwanji akumupatsanso osungunula magazi? Mayi wina kuwodi anandiuza kuti asamadyenso masamba. Ndalama ya minibasi yopitira kokayezetsa magazi nayo ikundivuta. Kodi sangasiye poti wachira?

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Mayi, pepani ndi zimene mwadutsamo, koma mtima ukhale m'malo. Munachita bwino kuthamangira kuchipatala mwendo utangotupa, ndipo chithandizo mwafotokozachi, majakisoni apamimba kenako warfarin, ndi chomwecho chimene mwana wotere angalandire ku Johannesburg kapena ku London. Ana ambiri amene ndawaona ndi vutoli anabwerera kusukulu n'kumasewera ndi anzawo. Koma pa funso lanu lomalizalo yankho ndi ayi, asasiye. Warfarin sasungunula magazi amene anaundana kale. Ntchito imeneyo thupi limagwira lokha, pang'onopang'ono, kwa masabata ndi miyezi. Warfarin amangoletsa ntchintchi ya magazi ija kuti isakule, isabenthuke n'kuyenda kukatseka m'mapapo, ndiponso kuti ina yatsopano isapangike. Miyezi 3 yoyambirira ndiyo yoopsa kwambiri, ndipo inu muli m'mwezi wachiwiri.

Nanga mwana wamng'ono chonchi magazi angaundane bwanji, zomwe tinazolowera kumva kwa akuluakulu? Lupus ndi matenda amene asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kuyamba kumenya thupi lomwe amayenera kuliteteza: khungu, mfundo, impso, magazi. Matendawa sapatsirana, si edzi, ndipo palibe chimene inu munalakwa. Amakonda atsikana akamatha msinkhu, ndipo akayamba paubwana amakhala aukali kuposa akayamba munthu atakula. Pa odwala lupus 10 alionse, 3 kapena 4 amakhala ndi asilikali a mtundu wina otchedwa antiphospholipid. Amenewa amakamatirira ku mapuloteni a m'magazi ndi kukhoma la m'kati mwa mtsempha, n'kusiya magazi ali okonzeka kuundana ngakhale palibe bala. Si onse okhala nawo amene amadwala motere. Zili ngati tchire la mu Okutobala: louma kale, likungodikira kamoto. Kamotoko kamatha kukhala kugona pabedi masiku ambiri, kutsegula m'mimba mpaka madzi kutha m'thupi, opaleshoni, kapena lupus yeniyeniyo ikalusa.

Pali njira yachiwiri imene makolo ambiri saidziwa, ndiyo impso. Lupus ikagwira impso, zimayamba kutaya mapuloteni mumkodzo ngati sefa yobooka, ndipo ina mwa mapuloteni otayikawo ndi antithrombin, imene ntchito yake ndi kuletsa magazi kuundana mwachisawawa. Mwana wotere mkodzo wake umachita thovu losaphwa msanga, amadzuka zikope zili zotupa, ndipo miyendo imatupa yonse iwiri. Gwirani kusiyana kumeneku. Miyendo yonse iwiri ikatupa mofanana, osapweteka, timaganizira impso. Umodzi wokha ukatupa, n'kumapweteka, n'kumatentha, timaganizira magazi oundana. Mukakayikira, bwerekani tepi kwa atelala, muyeze katumba wa miyendo yonse pamalo ofanana, masentimita 10 pansi pa bondo. Kusiyana kukapitirira masentimita 3, tsiku lomwelo pitani naye.

Mphwanu wawerenga bwino, dzinalo ndi limene linalakwika. Mu 1952 madokotala awiri a ku America, Conley ndi Hartmann, anaona kuti magazi a odwala lupus ena amachedwa kuundana akawaika m'kabotolo ka kulabu. Dzina lakuti anticoagulant linachokera pa zochitika m'kabotolomo. Kenaka zinadzadziwika kuti m'thupi la munthu zimayenda mosemphana: asilikali omwewo ndi amene amaundanitsa magazi. Mu 1983 dokotala wa ku London, Graham Hughes, anafotokoza kuti kuundana kwa magazi, kupita padera kobwerezabwereza ndi asilikali amenewa ndi nthenda imodzi, imene lero timaitchula antiphospholipid syndrome. Dzina lakale lija linangokanirira. Choncho pepala lanulo silikutsutsana ndi warfarin, likumuikira umboni.

Asilikaliwa timawayeza m'njira zitatu: lupus anticoagulant, anticardiolipin ndi anti-beta-2 glycoprotein. Pa zitatuzi lupus anticoagulant ndiyo imalosera kwambiri za kuundana kwa magazi, ndipo mwana amene zonse zitatu zapezeka ndiye timamuyang'anira ndi maso awiri. Koma kuyeza kamodzi sikukwanira. Matenda ena ongodutsa, ngakhale malungo, amatha kudzutsa asilikaliwa kwa kanthawi kenako n'kuzimiririka, ndiye lamulo lake n'lakuti kuyezako kubwerezedwe pakatha masabata 12 kapena kuposerapo. Si chipatala chilichonse chimayeza zimenezi, choncho funsani msanga komwe adzayezere kachiwiri. Ndipo potenga magaziwo alembe papepala kuti mwana ali pa warfarin, chifukwa mankhwalawa amatha kusokoneza zotsatira za lupus anticoagulant.

Ndipatuke pang'ono. Asilikali omwewa amatha kuchititsa kuti njira ina yoyezera chindoko, ya VDRL kapena RPR, ionetse ngati munthu ali nacho pomwe alibe. Ndinaonapo bambo wina atatsala pang'ono kupirikitsa mwana wake pakhomo chifukwa cha pepala lotere, mwana wosadziwa kanthu. Zikadzakuchitikirani, musathamangire kuweruza. Pali kuyeza kwina kotsimikizira.

Tsono adzamwa mpaka liti? Zikudalira chimene chinayatsa moto. Ngati kuyeza kwachiwiri kwaonetsa kuti asilikali aja anazimiririka, ndipo chifukwa chooneka chinalipo, monga impso zotaya mapuloteni kapena kugona m'chipatala nthawi yaitali, warfarin amatha kusiyidwa pakatha miyezi 3 mpaka 6, malinga impsozo zakhala bwino. Ngati asilikaliwo akadalipo, ndikuuzeni chilungamo: mankhwalawa ndi a zaka zambiri, mwina moyo wonse, chifukwa oterewa akasiya magazi amakonda kuundananso, ndipo ulendo wachiwiri sasankha mwendo, atha kukatseka m'mapapo kapena muubongo. Chigamulo chimenechi n'cha dokotala amene ali ndi zotsatira zonse m'manja, osati maonekedwe a mwendo.

Alamu anu sananame kwenikweni. M'zaka za m'ma 1920 ng'ombe za ku America ndi Canada zinkafa ndi kukha magazi zikadya udzu wina wochita nkhungu. Akatswiri a pa yunivesite ya Wisconsin, motsogoleredwa ndi Karl Paul Link, anapeza chimene chinali mu udzuwo, ndipo kuchokera pamenepo anapanga warfarin, amene anayamba kugulitsidwa mu 1948 ngati mankhwala a makoswe. Mu 1954 analoledwa kuperekedwa kwa anthu, ndipo chaka chotsatira anapatsidwa kwa pulezidenti wa America, Eisenhower, atadwala mtima. Khoswe amafa chifukwa amadya mopanda muyeso ndipo palibe amamuyeza magazi. Komanso alamuwo asasokoneze ndi tameki, amene ndi poizoni wina, wosagwirizana n'komwe ndi warfarin.

Chiwindi chimagwiritsa ntchito vitamini K popanga zinthu zoundanitsa magazi, ndipo warfarin amatchinga njira imeneyo. Amatenga masiku kuti agwire, n'chifukwa chake anayamba ndi majakisoni apamimba aja, otchedwa heparin, kwa masiku osachepera 5. Muyeso wake ndi INR, nambala imene amaipeza akayeza magazi, yosonyeza mmene akuchedwera kuundana. Munthu wosamwa mankhwala INR yake imakhala pafupifupi 1. Mwana wanu tikufuna ikhale pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika pansi pa 2 magazi atha kuundananso, ikakwera kwambiri atha kukha magazi. Walira mvula walira matope: mankhwala oteteza ku ntchintchi ndi omwewo angamukhetse magazi, ndipo chimene chimatiuza pomwe taima ndi kuyezako. Ubwino wa warfarin n'ngwakuti akapyola muyeso tili ndi chomubwezera, vitamini K yemweyo, ndipo zikavuta timaika madzi a m'magazi.

Apa ndiye pakubwera nkhani ya masamba, ndipo mayi a kuwodi aja, ngakhale anali ndi mtima wabwino, anakusokeretsani. N'zoona kuti masamba obiriwira kwambiri, monga nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, repu, kholowa ndi chigwada, ali ndi vitamini K wambiri. Koma mwana wa ku Malawi mukamuletsa masamba mwamusiyira chiyani? Mwana amene ali pa prednisolone, amene msambo ukumuchotsa magazi mwezi ndi mwezi, masamba akuwafuna. Ndipo anthu amene amadya vitamini K wochepa kwambiri ndi amene INR yawo imadumphadumpha. Chimene warfarin amadana nacho ndi kusinthasintha. Ngati pakhomo panu mumadya masamba kamodzi patsiku, mbale yofanana, pitirizani choncho, dokotala adzalinganiza mlingo wa mankhwala ndi kadyedwe kameneko. Vuto limabwera mwana akatha masabata awiri akudya usipa ndi nyemba zokha, kenako n'kupita kutchuthi kumudzi mu Januwale komwe nkhwani wotendera ali m'mawa, masana ndi madzulo. Pamenepo INR imagwa. Mosemphana ndi zimenezi, akadwala n'kusiya kudya, kapena akatsegula m'mimba masiku awiri atatu, INR imakwera. Mvula ikamayamba, ikamatha, kapena akadzapita kusukulu yogonera komweko chaka chamawa, komwe ndiwo zake ndi nyemba ndi kabichi, muyezetseni pafupipafupi mpaka zikhazikike. Ufa wa cham'mwamba ndi timabotolo ta zitsamba togulitsidwa m'tauni muno ndi tomwe ndikuletsa ndithu, chifukwa mphamvu yake palibe amaidziwa.

Choopsa kuposa masamba ndi mankhwala ena. Ndikukumbukira mtsikana wina amene INR yake inali yokhazikika kwa miyezi, kenako anabwera usiku malaya ali magazi okhaokha, kamfuno wosaleka, nkhama zikuchucha. Titafufuza, azakhali ake anamugulira Bactrim pagolosale chifukwa cha chifuwa. Masiku 4 okha. Bactrim, Flagyl, fluconazole, erythromycin ndi ciprofloxacin amakweza mphamvu ya warfarin, ndipo Bactrim amathanso kuutsa lupus. Rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, amachita zosemphana: amafooketsa warfarin kwambiri moti mlingo umafunika kukwezedwa, kenako n'kutsitsidwanso TB ikatha. Carbamazepine ndi phenobarbitone, a khunyu, nawonso amamufooketsa. Brufen, diclofenac, indocid ndi asipirini amapala m'mimba n'kukhetsa magazi, ndipo mapiritsi ena a mutu a m'magolosale ali ndi asipirini m'kati mwake. Mfundo zikamapweteka mupatseni panado pa mlingo woyenera. Mudzamva kuti ana ena a lupus amamwa asipirini wochepa tsiku ndi tsiku. Amenewo nthawi zambiri ndi amene ali ndi asilikali aja koma magazi sanaundanepo, ndipo amamwa molamulidwa ndi dokotala. Wanu musamuwonjezere nokha. Akadwala malungo alandire mankhwala a malungo mosazengereza, kungoti INR iyezedwe sabata yomweyo. Pachikuto cha buku lake la kuchipatala lembani ndi zilembo zikuluzikulu kuti ALI PA WARFARIN, ndipo muzinena pakamwa kwa aliyense womulembera mankhwala, womuzula dzino, kapena wofuna kumubaya jakisoni wa m'thako, chifukwa jakisoni wa mumnofu amatha kusiya magazi atadzadza m'kati.

Piritsi amwe nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, madzulo ndi bwino, kuti INR ikayezedwa m'mawa mlingo usinthidwe tsiku lomwelo. Akaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo amwe. Akakumbukira mawa lake asamwe awiri. Muziwerenga mamiligalamu olembedwa papaketi, musamadalire mtundu wa piritsi, poti makampani amapanga mitundu yosiyana.

Mwana wanu ndi namwali, ndiye tikambe za kumwezi. Warfarin amachulukitsa magazi a msambo. Akamasintha padi ola lililonse, akamatuluka ntchintchi zikuluzikulu, akapyola masiku 7, kapena m'maso ndi m'manja mukayera n'kumachita chizungulire, apite kuchipatala. Asasiye mankhwala payekha, zomwe atsikana ambiri amachita mwakachetechete chifukwa cha manyazi. Ndipo ngakhale n'zovuta kumva pa mwana wa Sitandade 8, zaka zikuthamanga: mapiritsi olera a tsiku ndi tsiku okhala ndi estrogen ndi oletsedwa kwa iye chifukwa amaundanitsa magazi, ndipo warfarin amalemaza mwana m'mimba, makamaka pakati pa sabata ya 6 ndi ya 12. Njira zina zolera zomuyenera zilipo, monga lupu. Akadzakula n'kufuna mwana, adzabereka, kungoti mimbayo imakonzekeredwa, warfarin amasinthidwa ndi majakisoni a heparin. Muuzeni zimenezi inu kapena azakhali ake, asadzazimve kwa anzake.

Za thiransipoti ndikumvetsa. Kuchoka ku Area 25 kufika ku chipatala cha Kamuzu Central ndi kubwerera, anthu awiri, sabata ndi sabata, ndi ndalama ya ndiwo. Chotonthoza n'chakuti kuyeza pafupipafupi n'kwa poyamba. INR ikakhazikika, kamodzi pa masabata 4 kumakwanira. Pemphani kuti tsiku la INR lizigwirizana ndi tsiku la kiliniki ya lupus, ndipo funsani ngati zotsatira angamakuuzeni pafoni. Wina adzakuuzani za rivaroxaban, piritsi losafuna kuyeza magazi. Kwa odwala ena ndi labwino, koma kafukufuku wa ku Italy wotchedwa TRAPS, amene anatuluka mu 2018, anaimitsidwa asanathe chifukwa odwala okhala ndi asilikali a mitundu yonse itatu amene ankamwa rivaroxaban anachita sitiroko ndi matenda a mtima kuposa a pa warfarin. Ine mwana wokhala ndi lupus anticoagulant sindingamusinthire kumeneko chifukwa chongofuna kupepukitsa ulendo.

Musaiwale kuti muzu wa zonsezi ndi lupus. Hydroxychloroquine, m'bale wake wa kololokwini uja amene dziko lino linasiya kuchizira malungo mu 1993, amaoneka ngati piritsi lopanda ntchito chifukwa mwana samva kusintha akamwa, koma amachepetsa kulusa kwa lupus, amateteza impso, ndipo amachepetsanso kuundana kwa magazi. Asadumphe, ndipo maso ake aziunikidwa monga adokotala anenera. Prednisolone sasiyidwa mwadzidzidzi. Mkodzo uziyezedwa mapuloteni ulendo uliwonse, pamodzi ndi BP, ndipo aziona kuchuluka kwa ma platelet, tizidutswa ta m'magazi totseka mabala, chifukwa lupus imatha kutichepetsa, ndipo tikachepa kwambiri mlingo wa warfarin umaunikidwanso.

Pali zizindikiro zimene simudikira nazo kuti kuche. Kubanika mwadzidzidzi, kupweteka pachifuwa pokoka mpweya, kutsokomola magazi. Mutu waukulu wosamva panado, makamaka wobwera ndi kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kukomoka. Kukamwa kupotoka, dzanja kapena mwendo kufooka, mawu kusamveka. Kupweteka m'nthiti cham'mbuyo pamodzi ndi mkodzo wa magazi. Chala kapena phazi kuzizira n'kuda. Kumbali ya kukha magazi: chimbudzi chakuda ngati phula, masanzi a magazi, mikwingwirima yaikulu yopanda chifukwa, kapena kamfuno amene sakuleka mutatsina mphuno mphindi 10 mwana ataweramira kutsogolo. Akagwa n'kumenyetsa mutu, ngakhale adzuke akuseka, apite akaonedwe. Zoterezi lunjikani ku Kamuzu Central, buku ndi mapaketi a mankhwala zili m'manja. Mwendo uja kutupako pang'ono madzulo akayenda kwambiri, n'kuphwa akagona atautsamiritsa papilo, si zachilendo, mtsempha umatenga nthawi kuchira. Koma osauthowa, osautikita.

Kusukulu apite, mayeso alembe, aziyenda, azimwa madzi okwanira. Phada ndi kuthamanga pang'ono palibe vuto. Masewero ogundana ndi kukwera njinga yamoto ya kabaza wopanda chipewa ndi zomwe ndingaletse. Aphunzitsi ake adziwe, kuti chikwapu chisamukhudze ndiponso asamukanize kutuluka akafuna kukasintha.

Ndatsiriza ndi apongozi dala. Mphini pa mwana amene ali pa warfarin zitha kukha magazi osaleka, ndipo poti prednisolone wafooketsa chitetezo chake, mabalawo atha kuchita mafinya, pamwendo womwe magazi sakuyenda bwino kale. Mankhwala akumwa a kwa asing'anga nawo atha kugwetsa kapena kukweza INR, kapena kupweteka impso zomwe tikuziteteza. Pamenepa musagonje. Koma musakangane nawo. Agogowo akuona mdzukulu wawo akudwala nthenda yopanda dzina la Chichewa, ndipo akufuna kuchitapo kanthu. Pa ulendo wotsatira pitani nawo, mupemphe adokotala awaonetse chithunzi cha sikani, aone okha pomwe mtsempha unatsekeka. Ndaonapo agogo ambiri akusintha maganizo ataona kachidutswa kotuwa kaja pagalasi. Kenako apatseni ntchito: akhale iwo osunga kope lolembamo INR, ndiponso oitana mdzukulu 6 koloko madzulo kuti adzamwe piritsi lake.